Chipinda cha Apongozi

Ine ndine munthu wa salaula. Zaka zanga zabwino ndinazithera pamsika wa Lundazi, nditakhala pansi pa kamthunzi ka masaka, ndikutembenuza malaya a anthu akunja kuti ndione ngati m'khwapa muli chibowo. Chovala sindigula osachitembenuza, ngakhale tomato ndimamuyang'ana kunsi. Ndiye anthu akamandifunsa kuti inu ochenjera chonchi munagula bwanji nyumba yong'aluka, mtima umandiwawa mpaka lero. Nyumbayo ndinaiyendera, ndinaigogoda, ndinaifufuza ngati munthu wofuna nsabwe mumsoko. Chipinda chimodzi chokha ndi chimene sindinalowemo, ndipo sikuti ndinaiwala ayi.

Zinali m'ma 1990, nthawi imene makampani a boma ankatsekedwa motsatizana. Amuna anga anali kalaliki pa depoti yogula chimanga ndi nsawa. Tsiku lina anabwera dzuwa lili paliwombo, anakhala pampando osavula nsapato, n'kundiuza kuti ntchito yatha. Nyumba imene tinkakhalamo inali ya kampani, ndiye ntchito kutha, nayo nyumba yatha. Anatipatsa miyezi yowerengeka yoti tichoke, ndi kandalama kotsanzikira, kamene tonse tinkadziwa kuti sikadzabweranso kachiwiri. Tinali ndi ana atatu, onse aakazi.

Kwathu ine ndi ku Chipata, ndipo ndinakulira m'nyumba za eni ake. Bambo anga anali mesenjala wa boma, wongosamutsidwasamutsidwa, ndipo atamwalira ndinaona ndi maso angawa mipando yathu ili panja, mayi anga atakhala pamtolo wa zofunda osadziwa kolowera. Choncho nditamva za kandalama kaja, sindinalote za wailesi kapena zoonjezera mabelo a salaula. Ndinawauza amuna anga kuti ndalamayi ikagule denga, likhale lathulathu, kuti atsikana angawa pasadzapezeke munthu wowauza kuti tulukani. Iwo anavomera. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukana, ndipo kufatsa komweko ndi kumene kunatipweteka.

Nthawi imeneyo boma la Lundazi linkakula mothamanga. Kuseri kwa msika, kutsikira cha kudambo, kumene kale tinkagula mondokwa m'minda ya anthu, kunasanduka mapuloti okhaokha. Aphunzitsi, manesi, amalonda ochokera ku Chipata ndi ku Lusaka, ndi anzathu odulidwa ntchito, aliyense ankafuna pake. Mauvuni a njerwa ankafuka utsi mbali zonse, ndipo aliyense amene anagwirapo chikombole ankadzitcha mmisiri. Pamene mwezi uno pali maziko, mwezi wamawa umapeza makatani pamazenera, mwini wake ali pakhomo akuti ndikugulitsa. Anthu sankamanga kuti akhalemo, ankamanga kuti alendo agule.

Sukulu yathu ya nyumba inali pamsika pomwepo, chifukwa wolira aliyense ankadzalirira pamenepo. Mayi wina wogulitsa nsomba za kapenta anagula nyumba ya njerwa zosapsa, zomangira dothi, zongopakidwa kasimenti pamwamba, ndipo mvula yoyamba khoma linasendeka ngati mbatata yophika. Wina anapeza kuti malata ake anali akale, mabowo a misomali atamatidwa ndi phula n'kupentedwa. Wina chiswe chinamudyera mitengo ya denga iye ali m'kati momwemo. Wina chitsime chake chinali kunsi kwa chimbudzi cha oyandikana nawo, ana ake osachira m'mimba chaka chonse. Ine ndinkamvetsera, ndikupinda malaya anga, n'kumati mumtima zimenezi kwa ine sizidzachitika.

Tili m'kati mofunafuna, kunabwera uthenga wochokera kwa bambo aakulu a amuna anga, ndiye kuti akulu awo a malemu bambo awo owabereka. Amuna anga anali Mtumbuka wa ku Mphamba, ndipo kumeneko mkulu wa bambo ako ndi bambo ako basi, palibe zochotsera. Kuposa apo, akuluwa ndiwo anawalera amuna anga ali wamasiye, ndipo ng'ombe za malowolo anga zinatuluka m'khola lawo. Kwa ine anali atatavyala, apongozi aamuna, munthu amene sindinkamuyang'ana m'maso kapena kudya iye akuona. Anali ndi nyumba kumapuloti atsopano aja. Uthenga unali wakuti atopa ndi moyo wa pa boma, akufuna kubwerera kumudzi kukalima fodya, ndiye nyumba yawo isapite kwa alendo mwana wawo ali pamphepo.

Amuna anga analira misozi yeniyeni atamva zimenezi. Kutchalitchi anthu ankatigwira chanza, ati mwayi wotere sugwera aliyense, chibale ndi fupa. Ine sindinakane, koma ndinati tikaione kaye. Amuna anga anandiyang'ana ngati ndatukwana, ati kuona chiyani nyumba imene takhala tikupitako kukamwa tiyi. Ndinawayankha kuti kumwa tiyi pabalaza n'kwina, kugula n'kwina. Tinakangana pang'ono, kenako anagonja monga mwa nthawi zonse.

Tinapita mwezi wa Okutobala, kukutentha mpaka nkhuku zitatambasula mapiko. Nyumba tinaipeza ikunyezimira laimu watsopano, khonde litapakidwa polishi wofiira. Atatavyala anali pampando wawo pakhondepo. Ndinagwada chapatali, tinapatsana monire ndi yewo, tinafunsana za ana ndi za mvula imene ikuchedwa. Kenako amuna anga, akusisita mawondo, ananena kuti mkamwana wanu akufuna kuona khitchini ndi poika katundu, nanga mukudziwa azimayi. Akuluwo anaseka, nati aone, nyumba ndi yake kale. Akazi awo, amamavyala anga, ananyamuka kuti andiperekeze.

Ndinaiona nyumbayo, Mulungu ndi mboni. Ndinali ndi kampeni kanga kodulira zingwe za mabelo, ndipo ndinkagogoda makoma ndi chigwiriro chake kuti ndimve ngati pulasitala wagwira kapena akulira mphako. Kuseri kwa khitchini, pamene njerwa zinali pamtunda, ndinakanda pakati pake ndipo ndinapeza simenti yeniyeni. Ndinakwera pamtondo n'kubaya mitengo ya denga, yonse inali yolimba, yopanda ufa wa chiswe. Ndinatseka chitseko cha chipinda cha alendo n'kuyang'ana kumwamba kuti ndione ngati malata akulowetsa kuwala, osaona kanthu. Zitseko ndinazitsegula n'kuzitseka, mazenera chimodzimodzi. Ndinapempha madzi akumwa, theka ndinamwa, theka ndinataya dala pansi pabalaza kuti ndione kumene athamangire, ndipo anangokhala pomwepo. Chimbudzi chinali kunsi, chitsime kumtunda. Mtima unayamba kukhala pansi.

Nthawi yonseyi amamavyala ankanditsata m'mbuyo, manja ali kumsana, milomo atasongola. Nditakwera pamtondo paja sanapirire.

"Kasi mukupenja vichi, mkamwana?"

Ndinawayankha kuti sindikufuna kanthu, ndikungoona. Iwo anati akazi a ku Chipata ali ndi maso ambiri, n'kuseka kosasonyeza mano.

Ndiye tinafika kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba, pamene panali chitseko chotseka. Ichi chinali chipinda chachikulu, chimene panja chinkachititsa nyumbayo kuoneka ya bwana. Amamavyala anadutsa patsogolo panga n'kuima atapereka msana kuchitseko.

"Umu ndimo mogona atatavyala anu."

Aliyense wobadwira kuno akudziwa kuti mkamwana salowa m'chipinda chogona apongozi. Kuona pogona pawo n'chimodzimodzi kuwavula pagulu. Ngakhale mwana wamwamuna, akangokula, mwendo wake suponda kumene makolo ake amagona. Amenewa si malamulo oti wina amakuuza, umangozindikira dzanja lako lakana lokha kugwira chitseko. Ndinawerama, ndinati yewo, n'kubwerera.

Ndinati bwanji ndikachione kunja. Ndinazungulira ngati ndikupita kuchimbudzi, koma khoma la kumbuyo kwa chipindacho silinkaoneka. Linali litatsamiridwa mitolo ya udzu ndi mulu wa nkhuni kufika pazenera, ati udzu wokafolera chigafa cha fodya kumudzi. Pambali pake panali nthochi zobiriwira mwa nkhaninkhani, mu Okutobala, pamene za anthu ena zinali zitafota. Zimenezi zinandidabwitsa. Ndinagwira mtolo umodzi kuti ndiusendeze, ndipo nthawi yomweyo ndinamva atatavyala akutsokomola pakona ya khonde. Ndinausiya mtolowo.

Amuna anga ndinawakokera kuseri kwa chimbudzi, n'kuwanong'oneza kuti nyumba yonse ili bwino, koma chipinda chachikulu sindinachione, ndipo kunja kwake kwaphimbidwa. Ndinawapempha kuti alowe iwowo, nanga si mwana wa pakhomo.

"Amayi, mukufuna ndikasuzumire bedi la adada? Anthu akamva adzati ndine munthu wotani?"

Ndinati basi tipemphe kuti atulutse katundu tsiku limodzi lokha, ati kumeneko n'kuwathamangitsa. Ndinati titume mmisiri wachilendo, amene mwambo sukumumanga, ati kutero n'kuwatcha adada wakuba pamaso pa anthu. Njira iliyonse imene ndinkatchula, iwo ankaipezera chipongwe chake. Pomaliza anandigwira pamkono, nati munthu amene anawalera ali wamasiye sangawapusitse. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, phulalo ndinadyabe.

Tinagula. Kandalama konse kaja kanaperekedwa pakhonde lofiira lija, mkulu wa mpingo atapemphera pemphero lalitali lothokoza chikondi cha pabanja. Atatavyala anasamukira ku Mphamba ndi ngolo, udzu ndi nkhuni zinachoka tsiku lomaliza, ndipo ife tinalowa mitambo itayamba kusonkhana. Atsikana anga ankathamanga chipinda ndi chipinda akukuwa, wamng'ono akufunsa ngati kunonso tidzachoke. Ndinamuuza kuti kuno sitidzachoka.

M'chipinda chachikulu chija anatisiyiramo kabati yaikulu ya zovala, ya mtengo wa mlombwa, ati mphatso ya mkamwana. Amuna anga ankangoisisita, ati mwaona adada mmene alili. Mmawa mwake ndinayamba kukolopa, ndipo madzi onse anathamangira pakona imodzi n'kukalowa pansi pa kabatiyo. Ndinaitana mwana wanga wamkulu, tinaikankha kabatiyo ndi misana. Kumbuyo kwake kunali mng'alu wochokera pansi kukafika kudenga, wotsekedwa ndi zidutswa za masaka ndi dothi. Nditasolola saka limodzi, dzanja langa linalowa mpaka pamkono. Ndinathamangira panja, ndipo pamene panali udzu paja ndinapeza mzere wa dothi latsopano lopakidwa laimu. Amuna anga atabwera anaima nthawi yaitali akuuyang'ana mng'aluwo.

"Bwezeranipo kabatiyo," anatero, n'kutuluka.

Mvula itagwa, nyumba inayamba kulankhula yokha. Chitseko cha chipindacho chinayamba kukhula pansi, kenako chinakana kutseka. Simenti ya pansi inang'ambika pakati, ndipo m'ming'alumo munkatuluka madzi akuda onunkha ngati kudzala. Bedi linapendekeka, tinaliika njerwa mwendo umodzi, mwezi usanathe njerwa ziwiri. Zovala za m'kabati zinachita nkhungu. Kunja kukagunda bingu, timchenga tinkagwera pankhope tili chigonere. Tinasamukira pabalaza tonse asanu, ine ndi amuna anga kuseri kwa chitenje, atsikana aakuluakulu ali pomwepo. Munthu kugula nyumba ya zipinda, n'kumagona ngati ali pasiteshoni.

Amene anandiuza zoona ndi mayi woyandikana nafe, wa ku Kapichila, wogulitsa makala. Anandipeza ndikutunga madzi m'chipindamo ndi beseni, anagwira pakamwa, kenako anayamba kufotokoza. Ati pamene pali chipindacho panali nkhuti, dzenje limene anakumbamo dothi la njerwa za nyumbayo ndi za mzere wonsewo, chifukwa atatavyala ankaumba zogulitsa. Linali lakuya moti nthawi ya dzinja achule ankasokosera mmenemo, ndipo mbuzi ya munthu inamiramo. Alendo atayamba kufuna nyumba zikuluzikulu, akuluwo analikwirira ndi zinyalala za kumsika, makoko a nsawa ndi utuchi wa kumacheka, anathira kadothi pamwamba, n'kumangapo chipinda chilimwe chimodzi. Mvula yoyamba yomwe chinang'aluka, ndipo eni akewo dzinja lonse ankagona pabalaza ngati ife. Nthochi zija zinkamwa madzi a m'dzenjemo.

Ndinafunsa ngati panalibe ena amene anafuna kuigula. Anati analipo, bwanji osakhalapo. Kunabwera nesi wina, analowa m'chipindamo, anasuzumira kuseri kwa kabati, n'kutsanzika. Kunabwera mphunzitsi wa ku Lusaka ndi mmisiri wake, nawonso sanabwererenso. Mlendo amalowa paliponse, alibe apongozi. Apa m'pamene ndinakhala pansi m'madzi momwemo. Akuluwo sanatisankhe chifukwa chotikonda. Anayang'ana Lundazi yense, n'kupeza kuti pali anthu awiri okha amene sangathe kutsegula chitseko chija, mwana wawo ndi mkamwana wawo. Ulemu wathu womwewo ndiwo anaugwiritsa ntchito ngati loko.

Ndinamufunsa mayiyo kuti nanga bwanji sananditsine khutu tsiku lija, poti anandiona ndikuzungulira ndi kampeni kanga. Anati za pachibale salowerera, mawa mukagwirizana woipa amatsala yekha. Mzere wonsewo unkadziwa. Ena mwa amene anatigwira chanza kutchalitchi ankakhala mzere womwewo.

Ndinawavutitsa amuna anga usana ndi usiku kuti apite ku Mphamba. Anapita panjinga, atamangirira paketi ya shuga kumbuyo, nanga kwa makolo sapita chimanjamanja ngakhale atakubera. Anabwera madzulo ndi nkhuku ndi maungu awiri. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji, ati anakhala tsiku lonse pansi pa chigafa, mawu akumangofika pakhosi n'kubwerera. Pomaliza anangonena kuti adada, nyumba ija yayamba kung'aluka pang'ono. Akuluwo anayankha kuti nyumba iliyonse imatero ikamakhazikika, mwamuna amamata, sadandaula. Pakhomo anaonapo ng'ombe ziwiri zatsopano zapagoli ndi matumba a feteleza. Nkhuku ija ndinakana kuiphika, anaiphika ndi atsikana.

Ine ndinati nkhaniyi ndikupita nayo kukhoti. Mawu amenewa sindikudziwa anayenda bwanji, koma sabata isanathe anandifikira azimayi akuluakulu a kubanja la amuna anga, ati tabwera kudzacheza. Anandikhazika pamphasa ngati namwali. Ati mkamwana wosumira atatavyala wathetsa ukwati wake ndi manja ake, ndipo ndikumbukire kuti malowolo anaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Ati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinawafunsa kuti nanga khoswe ameneyu akamadya ufa wa ana, timuombere m'manja? Anayang'anizana, ati mwaona pakamwa pa akazi a m'tauni. Kukhoti sindinapite, chifukwa ndinaopa kutaya ana pofuna kuwapulumutsira nyumba.

Chimene ndinatha kuchita ndi kukaitana bambo wina wa ku ofesi yoona za zomangamanga, amene ankagula mathalauzi kwa ine. Anabwera, anazungulira, anakumba pang'ono ndi khasu m'mbali mwa khoma, n'kutulutsa makoko a nsawa owola ndi nsapato yakale. Anati chipindachi chilibe choimapo. Choipa kwambiri, mitengo ya denga lake anailumikiza ndi ya nyumba yakale, ndiye chikamatsika chikukoka nyumba yonse. Mankhwala ake, ati, ndi kuchigwetsa, kudula denga, n'kumanganso khoma la kumapeto pa nthaka yolimba, ndipo zichitike msanga. Ndinaseka. Amuna anga anali pa ulova, salaula inkangotipatsa ndiwo, simenti tikanaigula ndi mano?

Khoma linagwa dzinja lotsatira, Lamulungu, ife tili kutchalitchi. Pobwera tinapeza anthu ataima mumsewu, manja ali m'chiuno. Khoma lakumbuyo linali litakhala pansi m'dzenje, malata akulendewera, ndipo kabati ya mlombwa ija, imene sitinathe kuitulutsa pachitseko chopindikacho chifukwa cha kulemera, inali chagada m'matope. Anthu ankati Mulungu ndi wamkulu poti munalibe munthu. Inde ndi wamkulu, koma ine tsiku limenelo sindinathokoze. Amuna anga anakhomera chitseko chija ndi misomali ndi matabwa, anachirikiza denga ndi mitengo ya bulugama. Mng'alu watsopano unali utayamba kale pamwamba pa zenera la pabalaza.

Kuyambira pamenepo moyo wa amuna anga unakhala womata. Chilimwe chilichonse ankakanya dothi, kumata, kupaka laimu, dzinja likafika mng'alu unkatsegukanso pomwepo, utakula. Anasiya kupita kumsika chifukwa anzawo a padepoti ankawaseka kuti bwana kalaliki munagula chitsime. Anayamba kuonda, kenako chifuwa. Sindinganene kuti nyumba ndiyo inawapha, matenda anali ambiri zaka zimenezo, koma manyazi anathandizira. Mpaka tsiku lomaliza sanatchulepo mawu oipa amodzi onena za adada awo. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa phala, kuwatembenuza, koma mumtima ndinali nditawakwiyira, ndipo mkwiyo umenewo sunathe ndi maliro. Tinakawaika ku Mphamba.

Patapita masabata angapo, abale anabwera pa boma kudzagawa katundu. Anabwera ndi ngolo ziwiri. Zaka zimenezo mkazi wamasiye ankasiyidwa ndi chitenje chimene wavala, ndipo anzanga angapo a pamsika anali atatulutsidwa kale m'nyumba zawo. Msonkhano unachitikira panja, poti atatavyala anakana kukhala pabalaza, ati m'nyumba mukutentha, mpando wawo anauika pakati pa bwalo. Ine ndinakhala pamphasa ndi azimayi, mutu wometedwa, ndikuona zinthu zikutuluka. Njinga, wailesi, mipando, bedi, makina osokera, mapoto abwino onse. Ngakhale belo langa la salaula analitenga, ati mpamba wake unachokera kwa mwana wawo. Sindinalire nazo zimenezo. Mtima wanga unali pa nyumba, chifukwa ngakhale inali yong'aluka, yochirikiza ndi mitengo, atsikana anga analibe kwina kogona.

Katundu atatha, mng'ono wawo wa malemu, amene ankakhala kumudzi ndipo za nyumbayo sankazidziwa bwino, anaimirira. Anati nyumba nayo ndi chuma cha m'bale wawo, ndiye alamu abwerere kwawo ku Chipata, iye alowemo ndi banja lake. Ena anavomereza. Apo atatavyala anakweza dzanja.

"Nyumba musaikhudze. Mkamwana wathu akhalemo ndi ana. Ife sitili anthu olanda amasiye."

Mng'ono uja anafuna kutsutsa, akuluwo anamuyang'ana kamodzi, anakhala pansi. Anthu anaomba m'manja. Mkulu wa mpingo anati masiku ano munthu wamtima wotere ndi wosowa, ena atengerepo chitsanzo. Azimayi oyandikana nafe, omwe aja ankadziwa za dzenje, ankagwedeza mitu ngati amva ulaliki wabwino. Ine ndinkadziwa chifukwa chimene sanafune kuti mwana wawo wina alowemo, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa.

Mvula inayamba kudontha, anthu anayamba kuthawira pakhonde ndi m'nyumba. Mayi amene anali pambali panga anandigunda ndi chigongono, ati gwadani, thokozani, musatichititse manyazi. Ndinayenda ndi mawondo m'matope kukafika pamaso pa akuluwo, maso ali pansi, n'kuomba m'manja.

"Yewo, adada. Yewo chomene."

Anagwedeza mutu. Kenako anatembenuka kufunafuna akazi awo, n'kuona kuti athawira pabalaza ndi kamdzukulu kawo ka kumudzi kali kumsana. Anaimirira pamvula pomwepo, nawaitana m'Chinyanja, kuti aliyense amve.

"Tulukani naye mwana mmenemo, mukabisale kwa oyandikana. Khomalo silili bwino."

Amamavyala anatuluka mofulumira, atamuphimba mwanayo ndi chitenje. Atsikana anga atatu anatsala momwemo, akusuntha chidebe chimodzi chimene anatisiyira, kusaka pamene pankadontha kwambiri.